Kompyuta Yomwe Ndinasungamo Abambo

Abambo anga anakhala zaka zitatu pansi pa tebulo langa ku Namitambo, ndipo ine ndinkanena zimenezi monyada kwa aliyense wofuna kumva, ngakhalenso wosafuna. Thupi lawo tinakaliika kwawo ku Milepa, poti kwathu anali mkamwini. Koma nkhope yawo, chithunzi chimodzi chokhacho chomwe anajambulidwa bwinobwino moyo wawo wonse, inali mu kompyuta yomwe ndinalumikiza ndekha ndi manja angawa.

Chithunzicho ndinawajambula ndine, pa foni, tsiku lina Lamulungu akuchokera ku tchalitchi. Anaima m'mbali mwa munda wa nandolo atagwira njinga yawo, jekete ili m'thupi dzuwa likuswa mtengo. Patangopita miyezi ingapo anadwala n'kutisiya. Chiphaso chawo, chomwe chinalinso ndi kachithunzi, chinatayika m'masiku a matendawo, pokwera ndi potsika makabaza. Foni ija nayo inadzagwera m'chitsime, koma ine sindinadandaule ngakhale pang'ono, chifukwa chithunzi ndinali nditachisamutsira kale mu kompyuta. Munthu wophunzira amaonera patali.

Achemwali anga, omwe ndinapondana nawo, anandiuza kangapo konse kuti ndikatsukitse chithunzicho ku Limbe, amayi akhale nacho cha papepala. Ndinawafotokozera mofatsa, monga achitira aphunzitsi a sitandade wani, kuti pepala limadyedwa ndi chiswe, limanyowa denga likadontha, makoswe amapangira chisa. Kompyuta ilibe chiswe. Iwo anangoti, "Chabwino, aprofesa." Mawu amenewo ndinawalandira ngati ulemu.

Kompyutayo sindinaigule yathunthu. Zogula zathunthu ndinkati ndi za anthu opanda nzeru zawozawo. Ndinkapita ku Limbe n'kumatola chiwalo chimodzichimodzi kwa ogulitsa zipangizo zakale. Bokosi linachokera mu ofesi ina yomwe inalitaya, chotsekera cha mbali imodzi palibe. Madabodi, thabwa lobiriwira lija lomwe ziwalo zonse zimalumikizidwapo, inachokera kwina. Tizitsulo toikhazikira kuti isakhudze bokosi tinasowa, ndiye ndinadula tizidutswa ta silipasi yakale n'kutsamiritsa pansi pake. Mafuta opaka pa purosesa, ubongo wa kompyuta, kuti isatenthe kwambiri anasowanso, ndinapakapo mankhwala otsukira mano. Sabata yoyamba kompyuta yanga inkanunkhira ukhondo kuposa mwini wake.

Chomaliza kugula chinali pawasapulayi, kabokosi kachitsulo komwe kamalandira magetsi ochokera kukhoma n'kumagawira ziwalo zonse. Wogulitsa anandipatsa ziwiri kuti ndinyamule, ina dzanja ili, ina dzanja ili. Anati yolemerayo ndiye yeniyeni, yopepukayo ndikatenga ndisadzamunene. Ndinamuyankha kuti magetsi sayezedwa pa sikelo ngati nandolo, n'kutenga yopepuka, yomwenso inali yotchipa. Ndinatuluka m'menemo ndikumumvera chisoni kuti akugulitsa zinthu zomwe sazidziwa.

Ndipo inayaka. Tsiku lomwe inayaka koyamba ndinayenda mseu wonse wa pa Namitambo mapewa ali m'mwamba, ndikupereka moni ngakhale kwa anthu omwe sindinkawalankhula. Ndinapeza kachipinda kuseli kwa golosale ina, n'kuyamba kutayipa makalata, makadi aukwati ndi mayeso a masukulu, komanso kubena nyimbo m'mamemole khadi. Magetsi ndinakoka kuchokera mu golosalemo pa waya wautali wodzera pawindo, polumikiza pake titamanga ndi jumbo. Waya yemweyo ankadyetsanso firiji ya mwini golosale. Kutsidya kwa mseu kunali wowotcherera zitsulo, ndipo iyeyo akangogunditsa ndodo yake pachitsulo, babu langa linkafiira, kompyuta n'kuthima n'kuyakanso yokha. Makasitomala akadabwa ndinkawauza kuti ikupuma, makina amakono amatero.

Chaka chachitatu inayamba mwano wina. M'mawa ndikadina batani inkayamba yaganiza kaye. Kudina kawiri, katatu, kenako n'kuyaka ngati ikundichitira chifundo. Masiku ena kumbuyo kwake kunkamveka kafungo ka pulasitiki wotentha. Fulashi ndinali nayo, ziwiri zathunthu, koma zinali zodzaza ndi nyimbo za makwaya ndi za achinyamata, ndipo chithunzi chimodzi cha abambo anga sichinapeze malo m'menemo. Ndinkati ndidzakopera ndikadzapeza mpata.

Nandolo atayamba kuuma m'minda, tsiku lina Lachiwiri m'mawa, kunabwera abambo aang'ono, mng'ono wawo wa malemu, pa njinga kuchokera ku Milepa. Ndi munthu wosachedwa ndi mawu. Atakhala pampando wa makasitomala n'kuvula chipewa, anandiuza kuti akubanja amanga chiliza, ndipo chivundukulidwa Loweruka la sabata yamawa. Mmisiri wasiya malo pamwamba pa dzina oti paikidwe chithunzi cha pa tailosi, monga akuchitira anthu masiku ano. Wopanga matailosiwo ali ku Limbe, amafuna sabata yathunthu, ndiye chithunzi chikafike kumeneko pofika Lachisanu.

"Nde tamva kuti achimwene uli nawo iwe m'makinamu."

"Alimo, bambo. Zimenezo ndi za mphindi ziwiri."

Ndinatembenuza sikirini kuti ayang'ane bwino. Ndinapukuta kiyibodi ndi mkono wa malaya, ndinakonza kukhosi, n'kudina batani. Fani ya mkati inangogwedezeka kamodzi n'kuima. Ndinadinanso. Zii.

"Imayamba yaganiza kaye," ndinatero.

"Iganize, ife sitikuthamanga."

Ndinadina kachitatu, kachinayi, kachikhumi. Ndinadina ndi chala chachikulu, mwina kuti imve ulemu. Abambo aang'ono anayang'ana sikirini yakudayo kwa nthawi ndithu, mmene munkaoneka nkhope zathu ziwiri, kenako anavala chipewa.

"Kapena agona. Ndibweranso Lachinayi masana."

Atangotuluka, ndinayamba kusakasaka vuto. Ndinayambira kukhoma, monga amachitira anthu odziwa. Soketi ndinaiyesa ndi tchaja cha foni, magetsi analimo. Chingwe ndinasintha n'kuikapo cha ketulo ya mkazi wa mwini golosale. Palibe. Ndinagoneka bokosi pansi, n'kuzula ramu, timatabwa tiwiri tating'ono tija, n'kupukuta mano ake ndi labala ya pensulo mpaka anawala. Ndinabwezera kamodzi kokha, palibe, ndinasinthanitsa, palibe. Kabatire kozungulira ka pa madabodi ndinakachotsa n'kudikira monga ndinaonera pa kanema wina, ndikuwerenga chamumtima. Ndinaganiza kuti mwina batani lenilenilo ndi lomwe lafa, ndiye ndinagunditsa sikuludiraiva pa timano tiwiri tomwe waya wa batani amalowapo. Ngakhale kugwedezeka kwa fani kuja kunali kutasiya. Masilipasi anga ndinawayendera onse, anali pamalo pake, akugwira ntchito mokhulupirika kuposa china chilichonse m'bokosimo.

Nkhani ngati imeneyi sidikira kabaza. Lachitatu m'mawa amayi ndi achemwali anali atafika kale kuchokera kumudzi, amayi atanyamula chinangwa chophika m'kambale ngati akukazonda wodwala. Anapeza ziwalo zili mbwee pamphasa, ine ndili pakati.

Mwini golosale ndiye anayamba kupereka uphungu, atasuzumira pawindo. Anati ndiimenye mbama cha m'mbali, wailesi yake yakanema imamva zomwezo. Kasitomala wina wodzabenetsa nyimbo anati nkhani za ziliza sizichedwa kulowa anthu oipa mtima, ndiyambe ndafufuza kuti ndani sakufuna mwambowo. Amayi anati ndiiyanike padzuwa, poti mabatire a tochi akatha mphamvu timatero ndipo amadzuka. Achemwali anakhala pampando, manja atapinda.

"Mwayesa kuilankhula Chizungu? Paja sidziwa Chinyanja imeneyi."

Ndinaweramira m'bokosi muja. Ndinali wotanganidwa ndi ntchito yofuna mutu.

Amayi anasendera pafupi n'kuyang'ana m'bokosimo mwaulemu, monga munthu asuzumira m'nyumba ya eni.

"Koma abambo ako alimobe?"

"Alimo, amayi. Ali umu." Ndinawalozera hadi disiki, kachitsulo kolemera kokwana m'dzanja, komwe kamasunga zonse. "Apa palibe chavuta. Chavuta ndi magetsi kuti afike."

"Nde bwanji osangowatulutsa kaye? Anthu akamakonza denga amayamba atulutsa katundu panja."

Ndinaseka. Ndikukumbuka bwino lomwe kuti ndinaseka, ndipo ndinayang'ana mwini golosale kuti tisekere limodzi. Ndinauza amayi kuti kompyuta si nyumba yaudzu. Iwo anati chabwino, zimenezi ndi zanu ophunzira, n'kundisiyira chinangwa chija.

Atapita, ndinanyamula bokosi lonse n'kukaliika padzuwa kuseli, komwe sikudutsa anthu. Ndinalipatsanso mbama ziwiri. Za anthu oipa mtima zokha ndi zomwe sindinafufuze, nthawi inachepa.

Madzulo a tsikulo ndinachita chomwe ndikanayambira. Ndinamasula pawasapulayi, ndinaitulutsa payokha, n'kupinda kawaya kolumikiza waya wobiriwira ndi wakuda pa chingwe chake chachikulu. Pawasapulayi yamoyo ukaitero fani yake imazungulira. Yanga inangokhala duu. Wodwala anapezeka, ndipo anali yemwe uja wopepuka.

Apa ndinene chilungamo, chifukwa ndi pomwe pagona nkhani yonse. Chochita ndinkachidziwa. Kumasula tizomangira tinayi, kuika hadi m'thumba, kukwera minibasi ya ku Limbe, kukapempha munthu wa kompyuta yamoyo kuti alumikize n'kutulutsa chithunzi. Kukacha Lachinayi ndikanapita, masana ndikanabwera nacho chotsuka kale. Koma zimenezo zikanatanthauza kuti abambo anga awatulutsa munthu wina, pa makina a munthu wina, ndiponso kuti amayi, omwe sanapondeko m'kalasi, ananena zoona pamaso pa mwini golosale. Zikanatanthauzanso kuti achemwali adzakhala ndi nyimbo yoimba mpaka ukalamba. Ndinasankha kuti kompyuta yanga iyake pa Namitambo pomwepa, anthu onse akuona.

Lachinayi m'mawa ndinatenga pawasapulayi ija kupita nayo kwa bambo wina wokonza mawailesi, wa kofia yoyera, yemwe amakhala pakhonde la sitolo ina pafupi ndi msika. Ndi munthu wachikulire, wofatsa, tebulo lake lodzaza ndi matochi, mawailesi ndi matchaja akufa. Anaitsegula, anaiyang'ana mkati, n'kuloza kagalasi kakang'ono kokhala ndi zitsulo kumapeto. Mkati mwake munali mutada bii.

"Fyuzi yapsa iyi, achimwene."

Mtima wanga unakhala pansi. Fyuzi basi? Kwathu kuno fyuzi sitigula, timamanga. Ya mu minibasi amamanga ndi waya, ya kuchigayo amamanga ndi waya, ya mu pulagi ya ayironi amakulunga ndi kapepala konyezimira ka m'paketi ya fodya. Azungu anaika kagalasi kameneka kuti kazipsa zinthu zikavuta, ife tinaona kuti kumeneko ndi kuwononga, tinakonza vutolo mpaka kalekale.

"Mangani, amisiri."

Iwo sanafulumire. Anatembenuza kabokosiko uku ndi uku, akununkhiza.

"Ine zamakompyutazi ayi, sindinama. Koma fyuzi siipsa dala. Ikapsa nde kuti yafera zinzake. Chilipo chayipsereza, chikadali momwemu."

"Ndi wowotcherera uja, amasokoneza magetsi."

"Kaya. Wailesitu ndimamanga, chifukwa ikapsa mwangotaya nkhani, mawa anenanso zina. Nanga umu si ndamva kuti muli abambo anu?"

Ngakhale iwowa anali atamva. Ndinawauza kuti makinawo ndinalumikiza ndekha, ndikuwadziwa mkati ndi kunja, iwo angochita zomwe ndawapempha. Anapukusa mutu, anasenda chingwe chakale, n'kusololamo kawaya kamodzi kopyapyala ngati tsitsi. Anati kameneka kakaona zovuta kadzaduka, bola. Ine ndinaona kuti kawaya kamodzi ndi kunyozera. Ndinawauza kuti apote tinayi pamodzi kuti zikhalitse. Anapota, anawotcherera, anatseka. Pondipatsa anati, "Poyesa muyese payokha, musalumikize kanthu." Ndinawathokoza monga timathokozera munthu yemwe sitikumumvera.

Akuluakulu anati ndadziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo. Yanga inali ndi khomo, ndinachita kulitseka ndekha ndi njerwa.

Nditafika ku kachipinda kanga ndinabwezera chilichonse m'malo mwake. Ramu, kabatire, zingwe za madabodi. Chingwe chopita ku hadi ndinachigwira m'manja kanthawi ndithu. Kuyesa payokha kunali kwanzeru, koma ndinaganiza kuti ikakayaka pa kuyesako n'kudzakana pamaso pa anthu, ndidzakhala nditawononga kuyaka kwanga kumodzi popanda mboni. Ndinalumikiza. Ndinasesa m'chipindamo, ndinabwereka benchi ku golosale.

Masana anafika onse: abambo aang'ono ndi chipewa chawo, achemwali, ndi amayi atavala chitenje chawo cha ku tchalitchi. Chitenjecho ndinachiona, koma sindinafunse chifukwa chake anavalira chotero pa tsiku wamba. Ndinawakhazika kutsogolo kwenikweni kwa sikirini. Ndinalankhulako mawu pang'ono okhudza kuleza mtima ndi luso. Kenako ndinayatsa pa soketi n'kudina batani.

Fani inazungulira. Kanyali kobiriwira kanayaka. Ndinatembenuka kuyang'ana achemwali, pakamwa nditatsegula kale kuti ndinene zomwe ndinakonza usiku wonse.

Phuu!

Kumbuyo kwa bokosi kunatuluka moto wabuluu, kenako utsi. Abambo aang'ono anapezeka ali pakhomo, sindikudziwa kuti anadumpha bwanji benchi pa msinkhu wawo. Mu golosale firiji inasiya kulira, mwini wake n'kuyamba kulira m'malo mwake, akutchula dzina langa ndi mawu ena omwe sindingalembe. Waya wanga wopota anagwira ntchito yomwe ndinamutuma. Sanaduke. Anaima nji mpaka china chilichonse chofuna kupsa chitapsa. Amati tsoka silinunkha, koma langali linanunkha chipinda chonse mpaka tinatsegula windo.

Ndinayang'ana achemwali. Ndinadikira, ndinkafuna anene, kuti ndipeze woti ndikangane naye. Anangotola kambale ka chinangwa ka dzulo kaja n'kukapukuta ndi nsonga ya chitenje. Amayi anali asanasunthe pa benchi, maso ali pa sikirini.

"Utsi umenewu wachokera mbali yomwe kuli iwo?"

"Ayi, amayi. Ndi mbali ina."

Sindinkadziwa. Ndinangoyankha.

Lachisanu m'mamawa ndinachita zomwe amayi ananena Lachitatu. Ndinamasula tizomangira tinayi tija, ndinakulunga hadi mu mpango, n'kukwera minibasi. Ku Limbe anandilozera kwa mayi wina wokonza makompyuta m'kachipinda ka pamwamba pa sitolo ya nsalu. Ndinayamba kumufotokozera mbiri yonse ndi mawu a Chizungu ochuluka, kuti adziwe kuti akulankhula ndi mnzake wa ntchito. Iye sanadikire kuti ndimalize. Anatembenuza hadi ija chagada, anainunkhiza, n'kundionetsa ndi nsonga ya cholembera pa kathabwa kobiriwira ka pansi pake. Panali kabowo kakuda, kochepa ngati njere ya mapira.

"Inalandira moto wambiri iyi. Munatani?"

Ndinamuuza za fyuzi. Za mawaya anayi ndinachotserako, ndinati awiri.

"Munamanga fyuzi hadi ili momwemo?"

"Nthawi inali itachepa."

"Achimwene, mukanangobwera nayo tsiku lomwe inakana kuyakalo, bwenzi zili za mphindi ziwiri."

Anayesetsa, zimenezo ndimuchitire umboni. Analumikiza pa makina ake, hadi sinazungulire n'komwe. Anakhuthula katoni yodzaza mahadi akufa kufunafuna ya mtundu womwewo kuti asinthe kathabwako. Anapeza yofananako, anasintha. Ulendo uno inazungulira, ine mtima unakwera, kenako inayamba kulira kuti tche, tche, tche, osaonetsa kanthu. Anayesa mpaka dzuwa linapendeka. Pomaliza anaikulunganso mu mpango wanga bwinobwino n'kundipatsa ndi manja awiri. Anati ndiisunge, mwina tsiku lina idzapezeka inzake yeniyeni, koma ndisauze anthu kunyumba kuti adikire.

Ndinagula pawasapulayi ina, yolemera, ndi hadi ina yakale. Nditafika ku Namitambo ndinalumikiza, ndinadina batani kamodzi kokha, kompyuta n'kuyaka ngati sinalakwepo chilichonse. Madabodi inapulumuka, ramu inapulumuka, masilipasi anapulumuka. M'bokosi lonselo munafa chinthu chimodzi chokha chomwe sichigulitsidwa ku Limbe. Mpaka lero ikugwira ntchito mosavuta, ndipo nkhani inoyi ndikuitayipa pomwepo.

Loweruka la chiliza tinapita ku Milepa. Anthu anabwera ambiri, thobwa linali m'migolo, akwaya anaimba. Mkulu wa mpingo atapemphera, anachotsa nsalu yoyera yomwe inaphimba chilizacho, amayi ena n'kuimba nthungululu. Chinali chiliza chabwino. Dzina linalembedwa bwino, vesi linalembedwa bwino. Pamwamba pa dzinapo panali malo a makona anayi omwe mmisiri anasiya aja. Anali atawamata ndi simenti dzulo lake, ndipo simentiyo inali isanaume, ndiye inkaoneka yakuda kusiyana ndi pena ponse. Maso a anthu ankati akafika pamenepo, ankabwera kwa ine.

Abambo aang'ono polankhula m'malo mwa banja anathokoza onse omwe anathandiza, wina mchenga, wina njerwa, wina nkhuku. Kenako analoza pa simenti yaiwisi paja.

"Apa pamayenera kukhala nkhope ya achimwene. Koma poti m'banja mwathu muno tinadalitsika ndi anthu ophunzira, muzingoyerekeza."

Anthu anaseka pang'ono, moyenera pamanda. Ine ndinasekanso nawo, chifukwa chochita china panalibe. Ndinkaona ngati chilango changa ndi chimenecho, ndipo ndinkati ndachilandira, chatha. Manyazi ndi chinthu choti munthu umatha kunyamula.

Patapita masiku atatu ndinapita kumudzi kukasiya shuga. Ndinapeza amayi ali pakhonde masana, akusola nandolo wouma m'lichero. Achemwali anali kudimba. Ndinakhala pa mpando wa ndalema n'kuyamba kufotokoza kuti nkhaniyi sinathe, kuti ku Blantyre kuli anthu ena a makina akuluakulu, kuti hadi ndaisunga pabwino, kuti tailosi ikhoza kuikidwa ngakhale chaka chamawa, simenti amagumula.

"Za pachilizazo ndi za kwawo," anatero amayi, osadzutsa mutu. "Ine ku Milepa ndipitako kangati? Miyendo yake iti?"

Anatola kamwala m'licheromo n'kukataya pabwalo.

"Ine ndimafuna ndiwaone basi. Tsiku lija ndinabwera kudzawaona." Anapitiriza kusola. "Ndikatseka maso jekete ndimaiona. Njinga ndimaiona. Kayendedwe kawo kaja ndimakaona, akutsika apo pa mtengo wa mango. Koma nkhope sikubwera. Chaka chatha imabwera pang'ono. Pano ayi."

Zaka zitatu zonsezo amayi ankakhala mtunda wa kabaza imodzi kuchokera pa tebulo langa. Sindinawaitanepo n'kamodzi komwe kuti adzaone, ndipo iwo sanapemphe, poti ankaona kuti makinawo ndi a ntchito, si oti munthu wosaphunzira azikasokoneza. Zimenezi zinandipweteka kuposa mawu onse a ku Milepa, ndipo zikundipwetekabe.

Ndinatsegula pakamwa kuti ndinenenso za anthu a ku Blantyre aja.

"Takhala chete, iwe."

Anaika lichero pansi, n'kupukuta manja pa chitenje.

"Tatembenukira uko. Ayi, kwinaku, kuli dzuwaku. Dzutsa chibwano." Anandiyang'ana atatsinzinira diso limodzi. "Ukatseka pakamwa umafanana nawo pang'ono. Cha pachipumipa."

Ndinakhala choncho, nkhope ili kudzuwa, khosi likuwawa. Nkhuku zinabwera n'kuyamba kujompha nandolo m'lichero muja, amayi sanaziingitse, inenso sindinayerekeze kusuntha.